Zikhomo za a Firimino

Mwezi wathawu tinamanga chiliza pa manda a a Firimino Mvula, amalume ake a mkazi wanga, ku Mualadzi. Tinachedwa nacho zaka zambiri. Mmisiri anamanga bwino, koma mbali imodzi yatalika zala ziwiri kuposa inzake. Ndinaona, sindinanene. Eni ake akanakhalapo akanachigumulitsa.

Pobwerera ndinaima ku Chifunde kwa mwana wanga wamkazi amene amaphunzitsa masamu kumeneko. Ndinamupeza pa kompyuta, patsamba lodzaza timabokosi. Ankakonza phunziro la manambala a magawo, aja okhala ndi nambala ina pamwamba ina pansi. Anati ana amavutika kupeza nambala yaing'ono kwambiri imene manambala onse a pansi angalowemo popanda chotsala. Kusukulu amati eme-eme-se.

"Makinawa amaipeza okha, ababa," anatero.

"Ika 4, 8 ndi 12."

Analemba m'kabokosi kamodzi =MMC(4;8;12), nadina. Panatuluka 24 ndisanamalize kukhala pansi.

"Manambala amenewa mwawatenga kuti?"

"Kumunda kwa amayi ako."

Makinawo sananame. Koma nambala imeneyo ine ndinaiona ikutuluka m'manja mwa munthu, ndipo ndinaiyenda ndi mapazi anga. Mwanayo anali kumsana nthawi imeneyo. Ndalemba izi kuti adziwe.

A Firimino anali munthu wamfupi, wowonda, wa mawu ochepa. Ankayenda ndi chingwe cha khonje paphewa ngakhale popita kutchalitchi. Anthu ankawatchula a Kachingwe, koma kumbali. Mawu oti pafupifupi ankadana nawo. Ankati munthu wokonda kunena pafupifupi ali ndi chimene akufuna kuba. Akapatsidwa nyama kuti agawe pamaliro, ankayamba awerenga anthu kawiri. Nyama inkazizira, anthu ankang'ung'udza, koma palibe anapita kwawo akuti wamanidwa.

Anakangana ndi akulu a mpingo chifukwa cha khoma la tchalitchi chatsopano. Analiyeza Lamlungu, anthu akuimba, nanena mokweza kuti lapendama. Akuluwo anawakhazika pa benchi ya kumbuyo miyezi itatu. Khomalo linagwa ndi mvula yachiwiri. Sanaseke munthu. Anangofika m'mawa ndi chingwe chawo.

Chingwecho chinali ndi mbiri yoipa. Nthawi ya Apwitikizi, thonje lili lokakamiza, a Firimino ndiwo ankayeza minda imene banja lililonse liyenera kulima. Akulu ambiri sanawakhululukire mpaka imfa. Mlongo wawo, a Nasitaziya, ankati achimwene awo anali ndi zingwe ziwiri, chachitali cha pamaso pa kapitawo ndi chachifupi cha akazi amasiye, ndipo atagwidwa anamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija lolangira anthu, mpaka zala ziwiri zinauma. Zalazo ndinaziona, sizinkapinda. Za zingwe ziwiri sindinaone. Ndinawafunsa kamodzi. Anandiyang'ana mpaka ine ndinayang'ana kumbali.

Nkhondo itatha tinabwerera. Ife tinachokera ku Malawi, ena ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Tinapeza nyumba zapsa, njira zamera udzu. Tinapezanso mantha amene kumsasa wa othawa nkhondo tinalibe: mina, mabomba aja okwirira pansi. Palibe ankadziwa pamene ali. Munthu ankayenda moponda pamene mnzake waponda. Mwana akathamangira kutchire, mayi ankakuwa mpaka mawu kutha. Kumudzi woyandikana nafe mwamuna wina anapita kukadula nsungwi, anabwera naye pa machira. Ozula mina tinkangomva kuti ali ku misewu ikuluikulu. Mvula inali pafupi, ndipo ufa umene tinabwera nawo unali kutha.

Munda wa amayi awo a Firimino unayambira pa njira, kutsetsereka mpaka ku mtsinje. Kumtunda kunali kodziwika, chifukwa a Nasitaziya sanathawire kutali ndipo ankalimako mozemba nkhondo yonse. Kumunsi, kufupi ndi pamene asilikali ankaolokera, palibe anapondako zaka zambiri.

Mundawo unali wa alongo anayi a a Firimino, aliyense gawo limodzi mwa magawo 4. Awiri anali moyo, a Nasitaziya ndi a Rozina amene anabwera kuchokera ku Zambia. Wachitatu anamwalira ku Malawi, nasiya ana aakazi awiri, mmodzi ndiye mkazi wanga. Gawo lake linagawika pawiri, ndiye kuti mwana aliyense gawo limodzi mwa 8 a munda wonse. Wachinayi anafera ku Zambia, nasiya ana aakazi atatu, aliyense gawo limodzi mwa 12. A Firimino analibe gawo. Kwathu mwamuna sadya munda wa mayi ake, amangouyang'anira. Choncho kugawa kunagwera iwo.

Tinakumana pa njira, pamutu pa munda, dzuwa litakwera. Akamwini tinakhala kumbuyo. Wina anali atabwera ndi nkhwangwa, ndipo panalibe mtengo woti adule.

"Kumtunda ndalima ndine," anatero a Nasitaziya. "Inu mukudya ufa wa chithandizo kwa eni ake, ine ndinali pano ndi khasu."

"Ndiye ife mutiponyere kumunsi?" anayankha a Rozina. "Nenani poyera, achemwali, kuti mukufuna tithe, munda utsale wanu."

"Ndanena ine zimenezo? Zambia yakunola pakamwa."

"Yandiphunzitsanso kuwerenga miyendo yanga. Ndili nayo iwiri, ndikuifuna yonse."

Palibe anaseka. Atsikana atatu amasiye aja anagwirana manja. Wamkulu wawo, Alineti, anali ndi ana awiri aang'ono, mwamuna anatsala ku Zambia.

A Firimino anawasiya atope. Kenaka anati munda sudulidwa chopingasa. Udulidwa kuchokera pa njira mpaka ku mtsinje, kuti ndime iliyonse ikhale ndi mutu kumtunda ndi mchira kumunsi. Ndimezo zikhale zofanana kukula. Tichite maere, aliyense atole ndime zochuluka monga mwa gawo lake. Ngati pansipo pali imfa, isankhe yokha. Asasankhe mlongo, asasankhe malume.

Anthu anavomera, chifukwa panalibe wonena china. Funso linatsala loti ndime zikhale zingati.

"Khumi ndi ziwiri," anatero a Rozina.

"Inu zitatu," anatero a Firimino, "a Nasitaziya zitatu, amasiye atatuwa imodzi imodzi. Nanga awiri a ku Malawiwa? Imodzi ndi theka. Thekalo adula ndani?"

Apa ndipamene ndinalankhula, ine mkamwini wosafunsidwa. Ndinafika kalasi yachinayi, ndipo ndinkadziyesa wodziwa.

"Amalume, nkhaniyi njosavuta. Tichulukitse 8 ndi 12. Ndime 96. Aliyense alowamo."

"Akamwini alankhula," anatero a Firimino. "Zoona, aliyense alowamo. Nanga zikhomo zingati?"

Sindinamve chimene akufunsa. Anandifotokozera pamaso pa akazi onse, pang'onopang'ono, ngati mwana. Munda kumunsi ngwopapatiza kuposa kumtunda. Ndime singawongoke ndi chikhomo cha kumutu chokha, chimafunika china kumchira. Malire a kumunsi ndi mkuyu mbali iyi, mwala waukulu mbali inayo. Pakati pa ziwirizi, ndime 96 zikufuna zikhomo 95, zonse zolowa mu dothi limene munthu sanapondepo.

"Chikhomo chilichonse ndi kugogoda pa chitseko cha mina. Inu mugogoda kangati, akamwini?"

Manyazi amenewo ndikuwamvabe.

Anatulutsa chimanga m'thumba, nayala mizere itatu pa dothi. Mzere woyamba ankalumpha zinayi zinayi: 4, 8, 12, 16, 20, 24. Wachiwiri 8, 16, 24. Wachitatu 12, 24. Analoza ndi chala chouma chija pamene mizere yonse itatu yakumana koyamba. Ndime 24. A Nasitaziya zisanu ndi imodzi, a Rozina chimodzimodzi, mkazi wanga ndi mng'ono wake zitatu zitatu, amasiye atatu ziwiri ziwiri. Zikhomo 23.

"Zochepera apa palibe," anatero. "Ndafufuza masiku atatu."

Pamenepo ndinadziwa kuti nawonso akuopa. Akanatha kuchotsapo chikhomo chimodzi chokha, akanachichotsa.

Tinayamba tatentha udzu wa kumunsi, tili chapatali, poganiza kuti moto uphulitsa chimene chilipo. Sipanaphulike kanthu. Tinapirikitsirako mbuzi ziwiri za a Nasitaziya. Zinayenda, zinabwerako. A Firimino anati mbuzi njopepuka, siingatiuze zoona.

M'mawa wotsatira anatsika okha m'mbali mwa munda, potsata kanjira ka madzi a mvula kamene pansi pake ndi thanthwe, mpaka pa mkuyu. Ife tinaima kumtunda, pamene khasu la a Nasitaziya linkalekezera. Anavula nsapato. Anamanga chingwe chachitali pa mkuyu. M'dzanja anali ndi sipoko ya njinga, m'chiuno kathumba ka phulusa loyera la kukhitchini. Ankagwada, kulasa dothi ndi sipoko chopendeka, kangapo, kenaka kuponda pomwepo, kenaka kuwaza phulusa pa phazi kuti chizindikiro chitsale pa dothi lakuda. Phazi limodzi, phulusa. Lina, phulusa.

Mtunda umenewo mwana angauthamange mpweya umodzi. Iwo anauyenda mpaka dzuwa linafika pamutu. Palibe anakhala pansi. A Rozina ankapemphera mokweza, a Nasitaziya anawauza kuti atseke pakamwa, achimwene asasokonezeke. Kenaka a Nasitaziya okha anayamba kupemphera.

Atafika pa mwala anamanga mfundo pa chingwe, nabwerera poponda pa phulusa. Kumtunda anamwa madzi. Anapinda chingwecho pawiri, pawirinso, pawirinso, zinakhala zigawo 8. Chigawo chilichonse anachipinda patatu. Anamanga mfundo 23, aliyense akuona.

Tsopano panafunika kubwererako ndi zikhomo za nsungwi ndi chipanda cha madzi ofewetsera dothi. Munthu mmodzi sakanatha kunyamula zonse ndi kugwiranso sipoko. Anayang'ana amuna tonse. Wa nkhwangwa uja anayang'ana pansi.

"Inu a 96," anatero a Firimino kwa ine. "Nyamulani. Ndakuchotserani 72."

Mkazi wanga anandigwira malaya. Ndinachotsa dzanja lake. Ndinapita. Za miyendo yanga sindinena zambiri. Mapazi awo anali aang'ono kuposa anga, ndipo chidendene changa chinkatsala kunja kwa phulusa. Ndinayenda ndi zala.

Pa mfundo iliyonse ankagwada, kulasa ndi sipoko, kuthira madzi, kudikira, kenaka kukankha chikhomo ndi dzanja. Sanalole kukhoma ndi mwala. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, mapazi onse pa zizindikiro ziwiri, ndikumva thukuta likutsika kumsana. Ndinkawerenga mumtima. Chachisanu. Chachisanu ndi chimodzi. Chikhomo chikayamba kulowa ndinkatseka maso. Pa chakhumi ndinaganiza za 95 zanga zija.

Pa chikhomo cha 15 sipoko inagunda chinthu. Ndinamva kulira kwake, kang'ono, ngati supuni pa mbale.

"Musasunthe."

Sindikanatha kusuntha ngakhale akanandiuza. Anagona chafufumimba pa mzere wa phulusa, nayamba kuchotsa dothi ndi zala, pang'ono pang'ono, ngati akufuna nsabwe. Kumtunda mwana wina analira, wina anamutseka pakamwa. Sindikudziwa nthawi imene inapita. Ndinkayang'ana kumbuyo kwa khosi lawo, pamene mtsempha unkagunda.

"Akamwini."

"Wawa."

"Amayi athu anataya khasu pano kalekale. Anatimenya tonse, akuti taba."

Anatukula chitsulo cha khasu chodyeka ndi dzimbiri. Ndinafuna kuseka, m'malo mwake ndinasanza. Anandiuza kuti ndisanzire pa phulusa, osati kumbali.

Tinamaliza zonse 23. Kumtunda zikhomo tinakhoma tsiku lomwelo, ndi mwala, mwaphokoso. Maere anachitika ndi tizidutswa ta bango tolembedwa manambala, m'chipewa cha a Firimino. Aliyense anatola zake. Ndime za munthu mmodzi zinamwazika, ina apa ina apo. Panalibe wodandaula. A Rozina ndi a Nasitaziya anabwerera kumudzi atasenzana mtolo umodzi wa nkhuni.

A Firimino anapereka lamulo limodzi. Aliyense alime mutu wa ndime zake, alekezere pamene a Nasitaziya ankalekezera. Mchira udikire ozula mina.

Chaka choyamba lamulolo linasungidwa. Wa ndime zisanu ndi imodzi anakolola zomukwanira. Ife a zitatu tinafika mwezi wa njala tikudya kamodzi. Alineti, wa ziwiri, chimanga chinamuthera mvula isanayambe. Chaka chachiwiri anayamba kutsika. Mzere umodzi lero, iwiri mawa. Tonse tinkaona. A Firimino anamukalipira kawiri.

"Amalume, ana adye chingwe?" anawayankha.

Sanabwerezenso.

Mina inaphulika m'mawa, tikupalira. Ine ndinali ndime zinayi kuchokera pamene Alineti anali. Dothi linandigwera pamutu. Kenaka kunali zii, kenaka mawu ake. Tonse tinaima pamene tinali, makasu m'manja, amuna athunthu, palibe wosuntha. Amene anatsika anali a Firimino, nkhalamba, akuponda m'mizere imene Alineti anali atalima. Anamumanga mwendo ndi chingwe chawo, namukokera kumtunda. Tinamutengera kuchipatala pa njinga ziwiri zomangirira chitseko. Anakhala moyo. Mwendo wamanzere anausiya kumeneko, kuyambira pa bondo.

Palibe anaimba mnzake mlandu. Ndime inabwera ndi maere, aliyense anaona. Mbumba sinagawike, ndipo ili pamodzi mpaka lero. Anthu ankati nzeru za a Kachingwe zatipulumutsa ku nkhwangwa. Iwo sankafuna kumva zimenezo. Anandiuza kamodzi kokha, tikusenda nsungwi, kuti anawerenga ndime, anawerenga zikhomo, koma sanawerenge kuti wa gawo laling'ono ndiye adzayamba kufika kumchira. Anati kugawa molungama kunagawa mantha mofanana, koma njala sinagawike mofanana. Anati akanadziwa akanapempha alongo awo ndime imodzi imodzi zowonjezera amasiye aja. Ndinawauza kuti alongowo sakanalola. Anati sanawafunse, ndiye sakudziwa, ndipo ine ndisanene zimene sindinayeze.

Chingwe china sanapotenso. Anthu ankabwera kudzawapempha kuti akawagawire minda, ankawabweza. Wina akakakamira ankamuyalira chimanga pa dothi, kumusonyeza mizere ndi pamene ikukumana, kenaka kumufunsa kuti wochepekedwa m'banjamo ndani ndipo adzadya chiyani. Ambiri ankachoka atakwiya.

Ozula mina atafika anatseka mundawo ndi timitengo topaka zofiira, nagwira ntchito masiku ambiri. Anapeza mina ina imodzi. Inali pafupi ndi mwala, mapazi awiri kuchokera pamene mzere wa phulusa unadutsa. Anandisonyeza dzenje lake. Ndinapita kunyumba, ndinagona, sindinadye tsiku limenelo. A Firimino atauzidwa anangofunsa kuti mapazi awiri a ndani, awo kapena anga.

Kuyambira pamenepo mpaka mphamvu zitawathera, ndime ziwiri za Alineti ankalima ndiwo, mutu mpaka mchira. Sankalola kuthandizidwa. Ine ndinapitako ndi khasu kamodzi, anandifunsa ngati zanga zatha. Zokolola ankazisenza okha kukatula pakhomo pa Alineti, osalowa, osamwa ngakhale madzi. Alineti ankawaitana, "Amalume, khalani pansi." Ankati mawa. A Firimino anamwalira nthawi yokolola, chimanga cha ndime yachiwiri chili chiimire. Tinakolola ndife.

Alineti anasamukira ku Cassacatiza kwa mwana wake. Amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, atakhala pa mpando, ndodo pambali. Ndime zake anati aliyense wofuna alime. Mundawo ngwoyera tsopano, ozula mina anatsimikiza, ndipo tonse timalima mpaka ku mtsinje. Koma ziwirizo palibe wazitenga. Sitinapangane. Chaka chilichonse wina amati chaka chamawa.

Mukaima pa njira ya ku Mualadzi nthawi ya dzinja mudzaona chimanga chobiriwira kutsetsereka mpaka kumadzi, ndipo pakati pake mizere iwiri ya tchire, yotalikirana, yowongoka kuyambira kumutu mpaka kumchira. Udzu wake umapitirira munthu. Mwa umodzi mwamera mitengo ya mthethe. Pamutu pa mzere wa kumanja pali malo ouma pamene nkhalamba inkatula khasu ndi chipanda cha madzi isanayambe kulima. Ana obadwa dzana, osadziwa kanthu, akamathamangitsana m'munda amafika pamenepo, n'kuima, n'kuzungulira.